Mizere ya Tsache pa Mchenga wa Ajapani

Lero ndikusesa pakhomo, mizere ya tsache yandikumbutsa amayi.

Titangofika kumene ku Canada, bambo anatitengera kukaona dimba lokongoletsa la Ajapani kufupi ndi mzinda wa Hamilton. Pakati pake panali mchenga woyera wopalasidwa bwino m'mizere, miyala ikuluikulu ili apo ndi apo. Amayi anaima pamenepo nthawi yaitali, mng'ono wanga ali kumsana.

"Amayi, wosesa pano ndi waulesi," ndinatero. "Wasiya miyala."

"Khala chete iwe," anandiyankha. "Munthuyu analawirira, ndipo amasesa akubwerera m'mbuyo kuti asapondepo."

Nditaona misozi m'maso mwawo, ndinayesa kuti ndawakhumudwitsa. Ndinadzazindikira nditakula kuti pa nyumba yosanjikizana imene tinkakhala ku Canadako, amayi analibe bwalo loti asese.