Kamakina Kolira pa Msika Wathu

Ndinadandaula koyamba pa tsiku la msika, mu Okutobala chaka chatha, mvula isanagwe. Ndinalemba pamanja makope awiri. Limodzi ndinapereka kwa wapampando wa komiti ya msika wathu, lina lili m'sutikesi momwe ndimasunga mapepala anga onse chiyambire uphunzitsi. Yankho silinabwere mpaka lero.

Makina owerenga timizere takuda ta pa katundu ndinawaona koyamba m'sitolo ya mbewu ndi feteleza pa Nsaru. Amisiri ochokera ku tauni anatha tsiku lonse akuboola kauntala ndi kukoka nthambo. Magetsi akazima, makinawo ankagona. Ine sindinadane nawo. Munthu akakhomerera makina pa kauntala ndiye kuti sakupita kwina, ndipo mbewu ikakana kumera ukampeza pomwepo.

Chaka chatha pa msika wathu panabwera anthu ena pa kalole koyera. Anayala lona pansi pa mtengo wa mango, n'kuunjikapo mapaketi a mbewu ya chimanga. Wogulitsa anali bambo wa jekete yobiriwira. Kamakina kake kanali kakang'ono ngati foni, kopanda nthambo, kolendewera pakhosi. Akaloza paketi kankawalitsa kamoto kofiira n'kulira tii, ndipo kabokosi ka m'chiuno mwake kankalavula lisiti.

"Mwamva?" ankafuula. "Yabodza silira! Ikalira ndi yeniyeni!"

Kwathu kuno munthu pogula mbewu ankaipenda, kuinunkhiza, kufunsa amene anaibzalapo. Tsiku limenelo anthu anasiya zonsezi. Ankangotchera khutu.

Pa mzere wa ogula panali mlongo wanga. Ndi wamasiye, ali ndi munda umodzi wokha, ndipo akulera adzukulu. Ndinamukokera pambali.

"Alongo, anthu awa sitolo yawo ili kuti?"

"Achimwene, inu mumakayikira ndi dzuwa lomwe. Kodi simunamve kuti yalira?"

Anagula. Lisiti anandipatsa ine, popeza m'banja mwathu mapepala amasungidwa ndi ine. Ndinalemba dandaulo langa masana omwewo.

Sabata yotsatira ndinayesa ndekha. Ndinali ndi paketi yakale ya mbewu yopanda kanthu. Ndinathiramo chimanga cha m'nkhokwe, china chofumbwa ndi anankafumbwe, n'kumata kukamwa kwake ndi moto wa kandulo. Pa msika ndinaipereka kwa wa jekete uja anthu akuona.

"Tayesani iyi."

Analoza. Kamakina kanalira tii.

Ndinang'amba paketi n'kukhuthulira pa lona. Tizilombo tinabalalika pamwamba pa katundu wake. Ndinkaganiza kuti anthu achita mantha. Wogulitsayo anayang'ana pansi, kenaka anaseka mokweza.

"Madala, mwapambana! Chimanga chanu n'chovomerezeka. Mutigulitse matumba angati?"

Msika wonse unaphulika ndi kuseka. Mayi wina wa mu mpingo wathu anati, "Aphunzitsi, anankafumbwe anu akhoza mayeso, eti?" Ndinafotokoza kuti kamakinako kamangowerenga timizere ta kunja kwa pulasitiki kuti katchule mtengo, za m'kati sikazidziwa. Mawu anga anamira m'phokoso. Mzere unapitirira. Wogulitsayo anasiya kuseka, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa munthu wina kuti ndimakhala mudzi uti.

Mvula itagwa ndinapita kukathandiza mlongo wanga kubzala. Utoto wa mbewuyo unkatsalira m'manja ngati choko chonyowa. Kumera kwake kunali kwa apa ndi apo, mapando ambiri ali gwaa. Chimene chinamera chinakula mosiyana, china kufika m'chiuno, china m'mawondo, ndipo zisononkho zake zinali ngati chala. Pofika nthawi imeneyo kalole kanali katasiya kubwera. Pansi pa mango panalibe ngakhale bowo la msomali losonyeza kuti panakhalapo sitolo.

Ndinabwerera kwa wapampando. Anandilandira mwaulemu, nati ndibweretse umboni woti mbewuyo inagulidwa pa msika wawo. Ndinathamangira ku sutikesi. Lisiti ndinaliika mu envelopu, envelopuyo m'pulasitiki, kutali ndi chinyezi ndi chiswe. Nditatsegula ndinapeza kapepala koyera. Zilembo zonse zinali zitafufutika zokha. Ndinakayang'anitsa padzuwa, ndinangoona mthunzi wa manambala. M'sutikesi momwemo muli malisiti a fodya amene bambo anga anagulitsa ine ndili mwana, ndipo amawerengeka bwinobwino. Ndinayenda m'mudzi kufunsa ena amene anagula. Amene anasunga, awonso anali atayera.

Wapampando anatembenuza kapepalako uku ndi uku.

"Aphunzitsi, pamenepa ndiwerenge chiyani?"

Mlongo wanga wadya kwa ine kuyambira nthawi yokolola. Sindikudandaula za zimenezo. Nkhokwe yanga nayo yatsika, ndipo singathe kunyamula mabanja awiri chaka china.

Tsopano Okutobala wafikanso. Kukutentha, mitambo yayamba kusonkhana madzulo cha ku Namitete. Ndamva kuti kalole koyera kaoneka pa Msundwe, kenaka ku Nambuma. Akuti makina aja tsopano alipo angapo, ndipo ena akuyenda nawo pa njinga zamoto mpaka m'midzi, osadikira tsiku la msika. Dzana njinga ina inaima pafupi ndi nyumba yanga. Wokwerapo sanatsike, sanavule chipewa chake chagalasi. Anakhala kanthawi injini ikulira, n'kutembenuka.

Mlongo wanga wagulitsa mbuzi yake yomaliza. Ndinamuuza kuti tipite limodzi ku sitolo ya pa Nsaru. Akuti kumeneko mbewu yakwera, ndipo chaka chatha vuto linali mvula.

"A kalole aja akubwera ndi makina atsopano, achimwene. Akuti awa ndiye sanama."

Tsiku la msika layandikira. Choncho ine, mphunzitsi wopuma ntchito ndiponso wokhala m'dera lino, ndikupempha mwaulemu komiti ya msika kuti indiyankhe molemba tsikulo lisanafike: anthu amenewa anawalola ndani kugulitsa mbewu pano, sitolo yawo yokhazikika ili kuti, ndipo akabweranso mudzawaloleza kuyala lona kapena ayi. Ndikupempha yankho lolembedwa ndi inki, losainidwa ndi kudindidwa.