Lawi la Pansi pa Firiji ya Katemera

A Matthias Shatubi anabadwira ku Bundabunda, m'chaka chimene iwo ankati ndi 1944 ngakhale chitupa chawo chimanena 1947. Sukulu analekeza atangodziwa kuwerenga manambala ndi kulemba dzina lawo. Ali mnyamata anakama ng'ombe pa famu ina pafupi ndi Palabana, ndipo mu 1978 analembedwa ntchito pa kiliniki yaing'ono ya kwawo. Ankasesa, kutunga madzi, kuwiritsa majakisoni ndi kusamala firiji ya katemera. Anthu amene anawadziwa amakumbukira bambo wamfupi, wolankhula motsitsa, amene zala zake zinkanunkha palafini ngakhale polandira ukaristia.

Kumeneko kunalibe magetsi, choncho firijiyo inkayendera palafini. Pansi pake panali thanki yaing'ono ndi chingwe chonga cha nyali, ndipo kalawi kakamayaka pamenepo, m'kati munkazizira. Munthu wosadziwa sakanakhulupirira kuti moto ungabale kuzizira. A Shatubi nawonso sankatha kufotokoza, koma ankadziwa zimene firijiyo inkafuna. Lawi linkayenera kukhala labuluu, osati lachikasu. Ankadula chingwe ndi lumo, kupukuta mwaye, ndipo m'mawa ndi madzulo ankawerenga choyezera kutentha n'kulemba nambala yake pa pepala lomatidwa pa chitseko. Nambalayo sinkayenera kupitirira eyiti. Kwa zaka zisanu ndi zitatu sinapitirire, ndipo mapepala amene atsala amavomereza zimenezi.

M'chaka cha 1986 palafini inasowa. Inkafika ku tauni ya Chongwe mwa apo ndi apo, ndipo anthu ankaima pa mzere ndi zigubu kwa masiku. M'masukulu munafika malangizo akuti ana aphunzitsidwe kusunga mphamvu. Mphunzitsi wa Giredi Folo pa sukulu ya pafupi ndi kilinikiyo anawalandira ndi mtima wonse. Anaphunzitsa ana kuti nkhuni, makala, palafini ndi magetsi zonse ndi chuma cha dziko. Anawauza kutola nkhuni zouma zokha, kunyika nyemba m'madzi asanaziphike, kuvundikira mphika, ndi kuthira madzi pa makala akatha kuphika kuti agwirenso ntchito mawa. Lamulo lalikulu linali lakuti moto uliwonse woyaka popanda mphika pamwamba pake kapena munthu pambali pake uzimitsidwe. Lachisanu lililonse ana ankanena kuti azimitsa moto kangati, ndipo wopambana ankakweza mbendera sabata yotsatira.

Mainess, mwana woyamba wa a Shatubi, anali m'kalasi imeneyo. Anali ndi zaka khumi, ndipo kwa masabata atatu ankapitiriridwa ndi mnzake Tisauke.

Mu Okutobala, chikuku chinalowa m'midzi ya kum'mawa. Katemera wake anafika pa kiliniki Lachinayi, ndipo wapampando wa chipani m'deralo, amene onse ankangomutchula kuti ba Cheyamani, analengeza kuti Lachiwiri mayi aliyense abwere ndi mwana wake. Loweruka m'mawa a Shatubi anadzaza thanki ndi palafini yomaliza, anaona kuti lawi lili bwino, n'kupalasa njinga kupita ku Chongwe kukaima pa mzere. Namwino, Sista Perpetua, anali ku maliro ku Kasisi. Makiyi anatsala ndi mkazi wa a Shatubi, a Juliana, amene masana anatuma Mainess kukatenga ndowa m'chipinda cha mankhwala.

Mzere wa palafini sunayende mpaka Lamlungu madzulo. A Shatubi anafika pa kiliniki Lolemba m'mamawa, ndipo asanatsegule n'komwe firiji anaona kuti pansi pake pali mdima. Anagwada n'kugwira chitsulo chozungulira chingwe. Chinali chozizira. Choyezera chinali pa madigiri makumi awiri ndi asanu ndi awiri, ndipo timabotolo ta katemera tinali titakhala m'timadzi tofunda. Anayang'ana thanki n'kupeza kuti ndi yodzala. Chingwe chinali chitatsitsidwa mpaka pansi, ndi dzanja la munthu.

Anayatsanso lawi. Kenaka anaima kutsogolo kwa pepala la pa chitseko, ndipo m'mipata ya Loweruka, Lamlungu ndi Lolemba analembamo folo, folo, faifi, folo. Pepalalo lilipo, ndipo manambala anayi amenewa ndi olembedwa mokanikiza kuposa ena onse.

Tiyenera kumvetsa chimene ankaopa. Miyezi iwiri m'mbuyomo, anyamata a chipani anayendetsa wosunga sitolo wina m'mudzi wonse atamupachika chikwangwani pakhosi, pomuganizira kuti wabisa shuga. Masiku amenewo mawu akuti sabotaji, kutanthauza kuwononga chuma cha dziko mwadala, ankatuluka msanga m'kamwa mwa anthu, ndipo amene wanenedwa sankapatsidwa mpata wautali wofotokoza. A Shatubi ankaganiza kuti pali mdani amene wawatchera msampha. M'mawa wonse anasesa khonde limodzimodzilo akuwerenga m'mutu anthu amene anakanganapo nawo.

Masana, akudya kunyumba, Mainess anafika kuchokera ku sukulu ali wokondwa.

"Atate, sabata ino nimupambana Tisauke. Nazimitsa seveni."

"Idya, iwe," anatero a Juliana.

"Wina ninaupeza ku kiliniki kwanu. Unali kuyaka chabe masana, kulibe poto, kulibe munthu. Munaiwala, atate. Ba Ticha akuti akulu ndiye amaononga maningi."

A Shatubi anabweza m'mbale nthongo imene anali atatema. Mainess, amene lero ndi mayi wa zaka za m'ma makumi anayi, amati sanamukalipire. Anangomufunsa kuti anazimitsa nthawi yanji, ndipo atayankha kuti Loweruka dzuwa lili pamutu, anaona milomo ya bambo ake ikuwerenga maola.

"Wauzako ndani?"

"Palibe. Nizakamba pa Chisanu."

"Siuzakamba. Ukambe sikisi."

"Koma ni seveni."

"Mainess, mwana wanga, ukambe sikisi."

Mtsikanayo anatuluka akulira, poganiza kuti bambo ake akumulanda mbendera.

Pofika madzulo firiji inali itayambanso kuzizira. Katemera wa chikuku akafa ndi kutentha sasintha maonekedwe, ndipo a Shatubi ankadziwa zimenezi chifukwa Sista Perpetua anawaphunzitsa kangapo. Kukhala chete kukanawapulumutsa iwo ndi mwana wawo. Koma ankadziwanso china. Mwana akabayidwa, namwino ankalemba pa khadi lake la sikelo kuti walandira, ndipo wa khadi lolembedwa sankabayidwanso. Mwana wawo wotsiriza, Nelesi, anali ndi miyezi isanu ndi inayi, ndipo anali pa mndandanda wa mawa lake.

Anapeza a Juliana akuanula zovala kuseri kwa nyumba, n'kuyamba nkhani ya katemera wa mawa lake.

"Amake Mainess, mailo Nelesi musamubweretse."

"Chifukwa?"

"Mukambe kuti ali na chifuwa."

"Alibe chifuwa. Ba Cheyamani anakamba kuti wosabwera azamulemba dzina. Manje mkazi wa wanchito wa pa kiliniki ndiye akhale panyumba? Anthu azakamba chani?"

A Shatubi anafotokoza zonse, motsitsa, akuyang'ana ku njira. A Juliana anakhala pa mtondo wogonekedwa, zovala zili pamiyendo.

"Mankhwala yaja yangamuphe mwana?"

"Iyayi. Yali monga madzi chabe. Koma akalemba pa khadi, basi."

"Ndiye wathu tibise, kuti akabayidwe yabwino."

"Ndiye ninali kuganiza."

"Nanga wa mlongo wanu Clotilda? Naye nimuuze ali na chifuwa?" Anapinda malaya amodzi, kenaka anawapindulanso. "Muniuze amene tiuza na amene tisiya, atate ake Mainess. Ine sinizakwanisa kusankha."

A Shatubi anawasiya pa mtondopo. Ananyamuka kupita ku kiliniki kukalemba nambala ya madzulo, imene inali itatsika kufika pa leveni. Iwo analemba folo.

Lachiwiri amayi anayamba kufika dzuwa lisanakwere. Kaundula wa Sista Perpetua, amene anabwera pa basi ya m'mawa, amasonyeza ana zana limodzi ndi makumi atatu ndi mmodzi. Anakhala pansi pa mitengo ya mango, makhadi ali m'timapepala ta pulasitiki. Ana a sukulu anabweretsedwa kudzaimba, ndipo Mainess anali mu mzere wachiwiri. Ba Cheyamani analankhula nthawi yaitali za chifundo cha chipani, anyamata awo anayi ataima kumbuyo. A Juliana anabwera ndi Nelesi kumsana n'kukhala kumapeto kwenikweni.

M'chipinda cha mankhwala, Sista Perpetua anayang'ana pepala la pa chitseko, anayang'ana choyezera chimene tsopano chinali pa sikisi, n'kugwedeza mutu movomereza. Anatulutsa kabotolo koyamba, anasakaniza, n'kukoka mankhwala mu jakisoni. A Shatubi anali ataima pakhomo ndi beseni la majakisoni owiritsa, ndipo zitsulo zinkalira m'besenimo.

"Ba Shatubi, muli na malungo? Itanani woyamba."

Woyamba anali mtsikana wa mwana mmodzi, amene anayenda kuchokera ku midzi ya kum'mawa kumene chikuku chinali. Anali atavundukula kale mkono wa mwanayo.

"Ba Sista, musabaye."

Namwinoyo anawayang'ana, n'kuuza mtsikanayo kuti adikire panja. Anatseka chitseko.

"Kambani."

"Firiji inazima. Kuchoka pa Chibelu masana mpaka pa Mande kuseni. Manambala aya ni a boza, nalemba ndine."

"Inafika pa zingati?"

"Twente seveni."

Sista Perpetua anaika jakisoni pa thebulo pang'onopang'ono. "Palafini inasila?"

"Inasila."

Namwinoyo anagwada, anatsegula thanki n'kuviikamo chala kuti aone ngati palafini inathadi, n'kupeza kuti ilimo yambiri. "Ba Shatubi, nagwira na imwe nchito zaka sikisi. Thanki iyi simunathiremo lelo, chigubu chanu chikali chomanga. Anazimitsa ndani?"

Panja ana anali atayamba nyimbo yachiwiri.

"Ndine. Ninafuna kusungako palafini, poti yavuta. Ninaganiza masiku awiri si kanthu."

"Imwe? Amene mumanikalipira ine nikatsegula chitseko kawiri?"

"Ndine, ba Sista. Mulembe choncho."

Sista Perpetua ananena pambuyo pake kuti sanakhulupirire ngakhale pang'ono, ndipo anafunsa za makiyi. A Shatubi anayankha kuti anali nawo m'thumba ku Chongwe. Namwinoyo anatuluka kukauza ba Cheyamani kuti lero sipakhala katemera.

Zimene zinatsatira anthu amazisimba mosiyana. Ena amati a Shatubi anamenyedwa pomwepo. Mainess, amene anaona zonse, amati sanamenyedwe, koma anyamata awiri anawagwira malaya n'kuwaimika kutsogolo kwa amayi onse, ndipo ba Cheyamani anawafunsa katatu kuti anatumidwa ndi ndani. Amayi ena anatukwana. Wina anakuwa kuti palafiniyo ankagulitsa. Mainess anamva mawu akuti firiji ndi kuzima, ndipo pamenepo ndi pamene anamvetsa. Anatuluka mu mzere wa oimba n'kuyamba kuyenda kupita kutsogolo. Bambo ake anamuona. Anangopukusa mutu kamodzi, ndipo a Juliana anamugwira dzanja mwamphamvu moti zikhadabo zinasiya mabala.

A Shatubi anatengedwa kupita ku boma pa galimoto ya chipani ndipo anakhalako masiku anayi. Zimene anafunsidwa kumeneko sanauzepo munthu. Chimene chinawathandiza ndi kalata ya Sista Perpetua, yonena kuti munthu wofuna kuwononga akanangokhala chete. Mlandu sunapite ku khoti, koma ntchito inatha, ndipo anauzidwa kuti asadzapondenso pabwalo la kiliniki. Lachisanu la sabata imeneyo Mainess anaima m'kalasi n'kunena kuti sikisi.

Katemera wina anafika patapita masabata asanu. M'masabata amenewo chikuku chinapha ana atatu a m'kaundula uja, ndipo pali mabanja amene mpaka lero amati anaphedwa ndi a Shatubi. Zimenezi sizoona monga amazinenera, pakuti jakisoni wa tsiku lija sakanateteza aliyense. Koma n'zoona kuti lawi likanakhala loyaka, mwina anawo akanakhala moyo, ndipo m'nyumba ya a Shatubi munali anthu atatu amene ankadziwa zimenezi. Nelesi anatentha thupi kawiri m'nthawi imeneyo, ndipo kawiri konse bambo ake anamuvula n'kumuyang'ana kuseri kwa makutu, kumene zidzolo za chikuku zimayambira. Sizinatuluke.

A Shatubi anakhala mlimi wa chimanga ndi mpendadzuwa, ndipo m'chilimwe ankaotcha makala. Anamwalira mu 2003 osasintha mawu awo. Nkhani ya amene anatsitsa chingwe inanenedwa ndi Mainess yekha, patapita zaka zambiri, ndipo anapempha kuti dzina lake lilembedwe.

Pa tsiku la katemera wachiwiri, a Juliana analowa ndi Nelesi, ndipo a Clotilda analowa ndi wawo. A Shatubi anaima kunja kwa mpanda ndi njinga yawo. Mkazi wawo atatuluka, anapempha khadi n'kuyang'ana pamene namwino analemba.

"Munaona firiji?"

"Naona."

"Lawi inali bwanji?"

"Sininayang'ane pansi, atate ake Mainess. Ninali kugwira mwana."

Anabweza khadi m'kapepala kake, anakweza mayi ndi mwana pa njinga, n'kuyamba kukankha.