Mapiritsi Anga M'chimbudzi

Mimba yanga yoyamba inali ya miyezi isanu pamene apongozi anga aakazi anabwera kudzakhala nafe ku Bembeke, chaka chija tinavotera zipani zambiri. Amuna anga, aphunzitsi a pulayimale, ndiwo okha ankadziwa kuti ndili mtsikana ndinagonekedwapo kuchipatala cha amisala. Kwawo sitinanene. Ndinkaopa kuti akadziwa adzati wamisala sangalere mwana, n'kundilanda.

Adokotala anati ndisasiye mankhwala, anangochepetsa mlingo. Komabe kapiritsi ka m'mawa ndinkameza dzanja lili pamimba. Mwana akangochedwa kugunda, ine thukuta kamukamu, kunja kuli chisanu cha Juni.

Ndinkabisa mapiritsiwo m'chitini cha tiyi. Uchitsiru wanga! Apongozi, munthu wosakhala pansi, akanalephera bwanji kutsegula chitini? Lolemba lina ndikuchokera kokumba mbatatesi ndinapeza mulibe kanthu. Anandiuza okha, modekha, kuti ataya m'chimbudzi. Mayi wapakati samwa zowawa, anatero, ndipo anamva kumphakati kuti atsikana a masiku ano akuchotsa mimba ndi mapiritsi. Analonjeza kuti sauza mwana wawo, andisungira chinsinsi. Ndinathokoza, mtima ukuwira ngati ketulo.

Amuna anga anali ku Lilongwe kochonga mayeso. Ndinati ndipirira mpaka abwere. Tsiku lachisanu ndinasesa bwalo katatu, chakudya osachifuna, pakamwa osatseka. Ndinazizindikira, kale zinayambanso choncho. Ndinachita mantha oopsa. Kupita ndekha kuchipatala ku boma sindikanatha, wapakati sankamulola kuyenda yekha ulendo wotere.

Apongozi ndinawapeza akusankha nyemba pakhonde. Ndinagwada.

"Amayi, aja anali mankhwala a mutu. Ine ndinapengapo."

Sanakalipe. Anaika lichero pansi, n'kumanga chitenje kuti tinyamuke. Njira yonse anandinyamulira chikwama, pamatola anandipezera malo kutsogolo. Kuchipatala anamvetsera adokotala mpaka kumapeto, ndipo anapepesa pamaso pawo. Ndinayamba kupuma bwino, ndikuti kani ndinkaopa pachabe.

Pobwerera, titatsika pamsewu, anandigwira mkono mwachikondi ndithu.

"Musadandaule, mwananga. Akabadwa azigona kwa ine, inu muzipumula."

Ndinati eya. Ndikanatsutsa akanati matenda aja ayamba.

Mwana anabadwa mu Okutobala, wamphumphu, wolira mokweza. Chibwerere kuchipatala kuja mankhwala sindinadumphitsenso tsiku, mutu wanga unali bwinobwino. Koma titatuluka chikuta, kwa chaka chathunthu, mwana wanga ndinkachita kubwereka pomuyamwitsa.