Nkhope ya Apongozi Anga

Ndinalembetsa maphunziro a kujambula m'chaka chimene mkazi wanga anamwalira, ndipo sindinalembetse mwa kufuna kwanga. Mwana wanga wamwamuna, amene amakhala ku Sighthill ndi banja lake, ndiye anandiumiriza, ataona kuti ndinkangobindikira m'nyumba mwanga ku Springburn, muno mumzinda wa Glasgow, kuwerenga ndi kukonza zolakwika m'zilengezo za kumpingo zimene panalibe wondipempha kuti ndikonze. Anandiuza kuti ndisankhe chimodzi: kusamukira kwa iwo, kapena kupeza chochita chonditulutsa pakhomo. Kusamukako sindinkakufuna ngakhale pang'ono. Munthu amene wakhala mwini khomo moyo wake wonse sangakakhale m'chipinda cha alendo, n'kumayenda monyang'ama poopa kukumana ndi mkazi wa mwana wake pakhomo la bafa. Choncho ndinasankha kujambula. Kwathu ndinali mphunzitsi wa Chichewa, ndipo dzanja langa ndinkalidalira. Ndinkaganiza kuti munthu wodziwa kulemba mizere yowongoka pabolodi sangalephere kujambula botolo.

Kalasi yathu inkakumana Loweruka m'mawa ku Partick, m'chipinda chapamwamba cha mawindo aakulu. Tonse tinali anthu achikulire, ambiri opuma pantchito. Aphunzitsi athu anali mayi wa konkuno, wa msinkhu wa mwana wanga, ndipo ankafuna kuti tiziwatchula dzina lawo loyamba. Ine pakamwa panga pankakana, ndinkangoti aphunzitsi. Pafupi nane pankakhala bambo wina wokalamba, amene kale ankayendetsa mabasi, munthu wanthabwala, yemwe atamva za ntchito yanga yakale anayamba kunditchula ahedi.

Miyezi yoyamba zinthu zinayenda bwino. Tinajambula mabotolo, makapu, mpando, ndi nsapato yakale imene aphunzitsi ankaikonda kwambiri. Kenaka, nyengo yozizira italowa, mizere inayamba kupindika. Ndinaziona koyamba m'buku la nyimbo kutchalitchi: mzere wa mawu unatsika pakati ngati chingwe choyanikapo zovala zonyowa. Ndinapukuta magalasi anga, koma mzerewo sunawongoke. Nditafika kunyumba, mphuthu za chitseko nazonso zinali zokhota. Patapita masabata angapo, pakati pa chilichonse chimene ndinkayang'ana panayamba kuoneka kachifunga kotuwa, ngati chala chamafuta chadinda pagalasi. Diso langa lamanzere ndi lofooka chibadwire. Lamanja ndilo linandinyamula moyo wonse, ndipo kachifungako kanali m'diso lamanjalo.

Sindinauze munthu aliyense. Ndinkaopa mawu amene dokotala akananena, ndipo ndinkadziwa kuti mawu amenewo akangofika m'makutu mwa mwana wanga, makiyi a nyumba ya ku Springburn achoka m'thumba mwanga. M'mawa uliwonse, ndisanamwe tiyi, ndinkaima patsogolo pa windo la kukhitchini n'kuyang'ana felemu yake kuti ndione ngati yakhota kuposa dzulo. Masiku ena inkaoneka chimodzimodzi, ndipo ndinkapuma. Masiku ena inkaoneka kuti yawonjezera kukhota.

Posakhalitsa ndinatulukira njira. Ndikayang'ana pambali pang'ono, paphewa pa munthu kapena pakhoma kumbuyo kwake, nkhope yake inkaoneka m'mphepete mwa diso, ngakhale mwachimbuuzi. Ndinayamba kulankhula ndi anthu onse moteromo, ndipo panalibe anadabwa, chifukwa kwa ife kusayang'ana munthu m'maso ndi ulemu. Ndinamvapo amayi ena kumpingo akundiyamikira, amvekere: "Akuluakulu aja ndi odziletsa, chimwalirire akazi awo sayang'ananso mzimayi kumaso." Munthu amene ankabwera kwanga kawirikawiri, kudzandisiyira ndiwo zophikaphika, anali apongozi anga, mkazi wa mwana wanga uja, ndipo iwo ndiwo sakanazindikira n'komwe. Chikwatiwire chawo, iwo ndi ine sitinayang'anepo kumaso. Ngakhale amagwira ntchito ya makompyuta pakampani yaikulu, akamandipatsa madzi amanyonyomala, maso ali pansi, ine n'kumalandira ndikuyang'ana kukhoma. Umu ndi mmene tinaleredwera tonse awiri, ndipo Glasgow sanatisinthe.

Ku kalasi, mabotolo anga anayamba kutuluka okhota. Aphunzitsi anaima kumbuyo kwanga tsiku lina n'kuwomba m'manja. "Tsopano mwamasuka!" anatero. "Poyamba munkajambula ngati mukulemba lipoti la kuboma." Ndinathokoza mwaulemu, koma sindinamasuke ayi. Ndinali nditajambula ndendende chimene ndinkaona.

Chakumapeto kwa teremu aphunzitsi analengeza kuti tiyamba kujambula nkhope, ndipo chizolowezi chawo chinali chakuti wophunzira aliyense abwere ndi munthu wa kwawo woti amukhalire patsogolo. Ndinapempha mwana wanga, ndipo anavomera. Mtima unakhalako pansi, chifukwa nkhope yake ndimaidziwa ngati chikhatho changa: mphuno ya amayi ake, chipsera cha pachibwano chimene anachipeza atagwa panjinga. Ndikanatha kuijambula ndili chitsinzinire, ndipo palibe akanadziwa kanthu.

Loweruka lija, ndili m'sitima, foni inalira. Anali mwana wanga. "Adadi, pepani, andiitana kuntchito, makina avuta. Koma musadandaule, abwera ndi amayi a ana. Anyamuka kale."

Ndinafuna kutsika pasiteshoni yotsatira n'kubwerera, koma sindinapeze bodza loyenera munthu wa msinkhu wanga. Ku Partick ndinawapeza apongozi akundidikira potulukira. Ndinawazindikira ndi jasi lawo lobiriwira.

"Mwadzuka bwanji, bambo?" anatero, akuseka mwamanyazi. "Lero tiphwanya mwambo. Mlandu ndi wa mwana wanu, ine angondituma."

"Palibe mlandu, apongozi," ndinayankha. "Sukulu nayo ili ndi mwambo wake."

M'kalasi mipando inali itaikidwa iwiriiwiri moyang'anana, pafupi kwambiri moti mawondo ankatsala pang'ono kugundana. Bambo wa mabasi uja anandikodola ndi chigongono. "Ahedi, mwatichenjerera! Inu mwabwera ndi wokongola, ine ndabwera ndi mlamu wanga, nkhope ngati basi yogunda mlatho." Mlamuyo anamutukwana mwachikondi, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke. Ndinali nditangozindikira kuti nkhope ya apongozi anga sindinkaidziwa. Mawu awo ndinkawadziwa, manja awo, kayendedwe kawo, ngakhale fungo la mafuta amene amadzola, koma nkhope imene ndinaipewa mwaulemu zaka zonsezi ndinalibe nayo chithunzi m'mutu choti ndiberepo.

Aphunzitsi anapereka lamulo: tiyang'ane nkhope, osati pepala, ndipo dzanja litsatire diso pang'onopang'ono. Ndinayesa njira yanga ija, kuyang'ana paphewa. Aphunzitsi anandiona nthawi yomweyo. Anabwera n'kuloza ndi pensulo m'mwamba, pakati pa ine ndi apongozi. "Ayi, osati uko. Apa, pamphuno. Musawaope, saluma."

Ndinayang'ana molunjika. Ndinaona tsitsi lolukidwa, ndolo ziwiri zonyezimira, ndi kolala wa bulauzi. Pakati pake panalibe munthu. Panali chifunga chokhachokha, chachikulu kuposa mmene ndinkadziuzira m'mawa uliwonse pawindo paja. Ndinajambula tsitsi mosamala, chingwe ndi chingwe, kuti nthawi ipite. Ndinajambula makutu ndi ndolo, ndinajambula kolala. Kenaka, poona kuti sindingasiye bowo papepala, ndinaikapo maso, mphuno ndi pakamwa mongoganizira, monga mmene mwana wa sitandade wani angachitire.

Titamaliza, zithunzi zonse zinapachikidwa pakhoma kuti tizione limodzi, monga mwa nthawi zonse. Bambo wa mabasi anaima patsogolo pa changa. "Tsitsi mwalitha, ahedi. Koma magalasi awo mwawalanda bwanji? Mukufuna agwe pamasitepe?"

"Magalasi ati?" ndinafunsa.

Mawuwo anatuluka ndisanawaganizire. Ndinamva kuti aphunzitsi atembenuka, ndipo ndinadikira funso limene likanandivula pamaso pa anthu onsewo. Koma apongozi analankhula msanga, m'Chingerezi chawo chosalala, akuseka. Anafotokoza kuti kwathu bambo sayang'ana mkazi wa mwana wake kumaso, ndipo kuti ine, pokhala munthu wamwambo, ndinamvera aphunzitsi theka n'kumvera makolo theka. Anthu anaseka, ena anafunsa mafunso okhudza mwambowo, ndipo nkhani inapita kwina.

Pamasitepe, titatsala awiri, anaima patsogolo panga n'kunditsekera njira. Sananyonyomale. Ndinadziwa ndi kumene mawu ankachokera kuti akundiyang'ana kumaso.

"Bambo, zayamba liti?"

"Ndi ukalamba chabe, apongozi."

"Magalasi awa ndakhala nawo chiyambire chaka chatha. Muja mumajambula ndinakumwetulirani, ndinakutsinzinirani diso, mpaka ndinakutulutsirani lilime ngati mwana, Mulungu andikhululukire. Inu osaphethira n'komwe. Zayamba liti?"

Ndinawauza zonse, nditagwira chitsulo cha masitepe. Pomaliza ndinawapempha kuti asauze mwamuna wawo.

"Ndiwauza," anatero. "Koma tiyambe tapita kwa opima maso, panopa, asanatseke."

"Ndiye kuti mundisamutsa."

"Za nyumba tidzakambirana, bambo. Za diso sitikambirana."

Opima maso aja anatitumiza kuchipatala mwachangu. Kumeneko dokotala anandiuza kuti timitsempha tinatake tikudontha kuseri kwa diso, kuti chimene chawonongeka kale sichibwerera, ndipo kuti ndikanabwera msanga akanapulumutsa zambiri. Chotsalacho, anati, akhoza kuchigwira ndi jakisoni wobaya m'diso momwemo, mobwerezabwereza. Sanalonjeze kuti chigwirika mpaka liti. Tsiku la jakisoni woyamba ndinagona pabedi la kuchipatala zikope zitakanulidwa ndi kachitsulo, ndikunena Salimo chamumtima, ndipo apongozi anali panja atandisungira chipewa.

Ndikadali ku Springburn. Mwana wanga anakwiya, kenaka analira, ndipo tinagwirizana kuti ndikhale kwanga malinga ngati chifungacho sichikukula. Pa chifukwa chimenechi felemu ya windo la kukhitchini ndimaiyang'anabe m'mawa uliwonse, ndipo tsopano ndili ndi lamulo lakuti ndinene chimene ndaona. Pali m'mawa wina umene ndimachedwa dala kulowa m'khitchinimo. Mabuku ndimawerenga ndi galasi lokuzira zilembo, pang'onopang'ono, ndipo zolakwika za m'zilengezo za kumpingo zambiri zikundidutsa. Ku Partick ndimapitabe. Aphunzitsi, nditawafotokozera, anandipatsa makala ndi mapepala aakulu m'malo mwa pensulo, ndipo anasiya kundiuza koyang'ana.

Chithunzi chija apongozi anachitenga n'kuchipachika m'khitchini mwawo ku Sighthill. Ndawapempha kangapo kuti achichotse, chifukwa n'chonyansa, koma amakana. Akamandipatsa madzi amanyonyomalabe, ndipo ine ndimayang'anabe kukhoma. Kungoti tsopano amadziwa kuti ndikayang'ana kukhomako ndi pamene ndikuwaona, choncho amadikira pang'ono asanadzuke, n'kundifunsa ngati lero magalasi awo akuoneka.