Kansanza ka Kudiso la a Telala

Mayi wosita zovala anawaona koyamba a Telala tsiku lomwe mayiyo anayamba ntchito mushopu yawo yosokera zovala, patangotha miyezi itatu chiikireni mwamuna wake m'manda. A Telalawo anali akulasa ulusi pabowo la singano, kuphonya, kulasanso, kuphonyanso. Maso anali tong'o, osaphethira.

Anali atasoka zaka makumi atatu ndi zisanu. Mwana wawo wamkazi atakwatiwa, iwo ndi amene anamulowetsa mkamwini mushopumo n'kumuphunzitsa kugwira lumo. Matenda a Parkinson atawagwira, makiyi anapita m'thumba mwa mkamwiniyo.

Kunjenjemera kwa dzanja sikunkawavuta kwambiri, chifukwa likayamba ntchito linkakhazikika. Vuto linali maso. Akalemba mzere umodzi wa choko pansalu, ankaona iwiri. Kuchipatala anawauza kuti ndi matenda omwewo, maso asiya kuyendera limodzi. Mkamwini sanazimve zimenezo.

"Diso loyera chonchi lingadwale? Madala, ingonenani kuti mwalawako."

Munthu woti mowa sanaulawepo chibadwire!

Njira anaipeza okha. Ankamanga kansanza kakuda kudiso lamanzere, mizere iwiri ija n'kusanduka umodzi, lumo n'kumayenda myaa. Mayi wosita ankaziona ali pakona pake, ndipo msoko uliwonse wofika pansi pa simbi yake unali wowongoka.

Lachitatu lina kunabwera mayi wina ndi nsalu yoyera ya diresi la ukwati la mwana wake. Ataona a Telala anaseka.

"Ndiye andidulira a diso limodziwa?"

Mkamwini anachita manyazi. Anapita n'kukazula kansanzako kumutu kwa apongozi ake, anthu akuona.

"Muno si mochitira sewero. Mukutithamangitsira makasitomala."

"Bweretsa, mwana iwe. Popanda kameneko ndikuona mizere iwiri."

"Dulani pakati pake!"

Anthu anafa nalo phwete. A Telala anayesa kutsinzina diso limodzi, koma zikope zinkangotsekeka zonse. Mwini nsalu anali ataima pomwepo, manja ali m'chiuno. Bambo aja anakukuta mano, nasankha mzere umodzi, n'kudula. Mzerewo unali wabodza uja.

M'mawa mwake mwana wawo anabwera kushopu. Mwamuna wake anamuonetsa nsalu yowonongekayo, nanena kuti madala atha, azikakhala kunyumba. Za kansanza sanatchule. A Telala anayesa kufotokoza, koma mawu awo anali atayamba kutuluka otsika, ndipo mkamwini ankangowadula pakamwa. Mwana uja anatembenukira kukona.

"Amayi, inu munalipo. Zinayenda bwanji?"

Mtima wa mayi wosita unali ukuwira kuyambira dzulo lake. Mawu anafika pakhosi penipeni. Koma mkamwini anali akumuyang'ana, ndipo simbi imene anagwirayo inali ya mkamwiniyo.

"Ine sindinaone bwino," anatero, maso ali pa malaya.

Zinathera pomwepo. Makina a a Telala anawafunditsa chinsalu n'kuwakankhira kukhoma. Bambo aja anatenga tepi yawo yoyezera ndi choko, n'kuyamba kukhwekhwereza mapazi kulowera kukhomo. Atafika pathebulo lositira anaima, natseka diso lamanzere ndi chikhatho kuti amuone bwino mayiyo.

"Ine ndimaona ziwiriziwiri, ndi matenda. Koma inu amayi, maso anu ndi abwinobwino. Mwati simunaone?"