Akufa a pa TV nawonso tinawayimbira

Ine ndinakhalapo woweruza, ee, ine ndemwe wosayina ndi chala!

Mdzukulu wanga wamkazi, wa sekondale ku Katoto, anafika kunyumba ku Zolozolo atatupa masaya. Anzake onse m'kalasi ankaonera sewero lina la pa TV, la apolisi ndi zigawenga, ndipo pa buleki akamakambirana iye ankangokhala duu ngati mlendo. Mayi ake, mwana wanga uja, anali atakana, ati muli kuphana, muli magazi. Mwana kulira, mwana kunyanyala tiyi, mpaka mayi ake anatopa.

"Amama, oneraniko inu. Mukavomera aonere, mukakana basi."

Ankayesa kuti ine wa kwaya ya amayi ndithawa mfuti yoyamba ikalira. Mwana wanga, wandiiwala chomene!

Loweruka masana, magetsi alipo, kamvula kathu ka Mzuzu kakuwaza, ndinadzikuta juzi n'kukhala pa sofa ngati bwana. Chizungu chawo chothamangacho ndinangotolamo yesi ndi no. Mdzukulu ankamasulira, koma ndinamuona ine, pena akudumpha, pena chifuwa chomugwira mwadzidzidzi.

Ndiye mdima wake m'seweromo! Nyumba zokongola, woyatsa getsi palibe.

"Kodi nakonso azimitsa?"

"Ayi agogo, ndi sitayilo."

Kenako phaa! Mnyamata uyo pansi. Mdzukulu anandiyang'ana cham'mbali. Ine phee. Ndasambitsa mitembo ine kwathu ku Nkhata Bay, ndamanga zibwano, ndatseka zikope. Magazi a tomato angandithamangitse ine? Chinandiwawa n'china. Apolisi anafika, anazunguliza kachingwe kachikasu, n'kumamwa khofi pambali pa mwana wa eni. Wolira palibe, woyimba palibe, wothamanga kukauza mayi ake palibe. Chithunzi chasintha, ena akupsompsonana kale!

"Imitsa. Imirira."

"Agogo, si zenizeni izi."

"Ndikudziwa, iwe. Ukuyesa nzeru zonse zili ku Katoto? Iwowo ndi abodza, koma maso akowo ndi enieni. Asazolowere kuona munthu akugwa ngati papaya."

Chigamulo changa ndinachipereka pomwepo, ndili chiimire: aonere, inde aonere, koma akafa munthu tiziimitsa, tiziimirira, ndime imodzi ya nyimbo ya maliro, kenako tipitirize. Anavomera msangamsanga. Sanawerengere kuti anthu a m'menemo amafa ngati ngumbi.

Tikhale, phaa, tiimirire. Tikhale, phaa, tiimirire. Ine ndikutsogolera, iye akuvomera ndi mawu a m'mphuno, maso ali pa rimoti. Mawondo anga ankalira, koma mmero, aa, mmero unali pa ukwati!

Tili mkati moyimbira wachinayi kapena wachisanu, chitseko chinatseguka. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, duku kumutu, chitenje chamangidwa, misozi wayamba kale panjira.

"Pepani chomene, agogo. Watisiya ndani?"

"Wandevu uja, wogulitsa chamba."

Anayang'ana ine, anayang'ana TV, anakhala pansi n'kuseka mpaka duku linagwa. Sanabwerere kwawo. Alito yake ndi yabwino, tinkaisowa.

Mwana wanga pobwera kuntchito anatipeza atatu tili chiimire, wapolisi atauma pa galasi la TV kukamwa kuli yasa.

"Amama, ndiye mwakana, eti?"

"Ndavomera."

"Mwavomera? Ndi magazi onsewa?"

"Unati ndiweruze ine. Khala apo, besi ikusowa."

Anapukusa mutu, koma mawu ake sakanawabweza. Mdzukulu anandigwira dzanja pothokoza, yewo agogo, yewo chomene, kenako n'kunong'ona:

"Nanga wopha anzake uja akadzafa, timuyimbiranso?"

"Ameneyo ndime ziwiri, mwanawe. Mayi ake ndi amene avutike kwambiri. Tsegula tione."