Mlonda wa Phazi la Alamu

Chaka cha korona chija, alamu anga, amuna a mlongo wanga, anawadula chala cha kuphazi. Tonse tinali alonda ku Dubai, tikugona chipinda chimodzi m'nyumba za kampani. Nsapato ya ntchito inawatupitsa chalacho mpaka chinayamba kuwola. Alamuwo anali ndi matenda a shuga, ndipo opaleshoni itatha namwino anandikokera pambali. "Shuga akapanda kutsika, balali silipola. Likapanda kupola, tidula phazi lonse." Mlonda wa phazi limodzi angamulembe ntchito ndani? Ndinachita mantha, osanama.

Koma inu, Amalawi ndi kuzonda odwala! Kulowa m'chipinda chathu kunali koletsedwa chifukwa cha korona, ndiye ankangogogoda, kusiya jumbo pakhomo, n'kuthawa. Ukatsegula: juwisi, mabisiketi, mandasi ochokera kwa amayi a kutchalitchi ogwira ntchito ku Jumeirah. Mnzathu wa ku Pakistan naye anabweretsa timaswiti takwawo tongodontha manyuchi.

"Tibweze," ndinatero.

"Alamu, mwapenga? Munthu wavutika kukazinga, inu mukamuuze kuti tenga zako? Adzati ndine wonyada. Bweretsani kuno, ndingolawa."

Kulawa kwa alamu ndimakudziwa ine. Tsiku lina ndinapeza mandasi atabisidwa m'nsapato ya phazi lodwalalo, poti nsapatoyo inali pa tchuthi. Bala linayamba kutuluka mafinya, thupi kutentha, fungo lake osanena. Namwino atabwera kudzatsuka anangondiyang'ana, ine manyazi n'kundigwira.

Ndinaganiza: kubweza n'chipongwe, kutaya chakudya n'tchimo. Khalasi, nkhani yatha, ndizidya ndine. Jumbo ikangofika ndinkakhala pakhomo pomwepo n'kupsereza zonse, alamu akundiyang'ana ndi mbale yawo ya masamba owiritsa.

"Ndinu mfiti, alamu! Wodwala ndine, wonenepa ndinu!"

Anakandinenera kwa mlongo wanga pafoni, iye n'kuti ndipitirize, ndisasiye ngakhale nyenyeswa. Ozonda akaimba, alamu ankathokoza mwaulemu mandasi amene sanawalawe, diso lili pa masaya anga.

Bala linauma. Phazi linatsala, ndi zala zake zinayi. Ine batani la yunifomu linauluka ndikutsegulira abwana geti.

Tsiku lomaliza, namwino atayeza alamu, anayang'ana mimba yanga n'kuseka. "Yala, tiye, nawenso bweretsa chala." Anabaya, kuyang'ana kamakina koyezera shuga, n'kusiya kuseka. Shuga wanga anali atakwera kuposa wa wodwala.

Namwino anachoka. Alamu anatsimphina mpaka pabedi langa n'kundikankhira mbale yawo ya masamba.

"Phazi langali mwaligula modula, alamu," anatero.

Pakhomo panamveka kugogoda, kenako jumbo kuti tswa. Tinayang'anizana. Palibe anadzuka kukatsegula.